ZA MADZI OUNDANA M'MITAMBO, UTSI WA LUPSA NDI MAKINA OLOSERA MVULA

Mau awa anakambidwa kwa alimi a ku Mitundu ndi a ku Nathenje m'mwezi wa October, mvula isanayambe. Alembedwa pano kuti iwo amene sanafike pa msonkhano awerenge ndi kuuzako anzao.



Nkhani ya lero ndi ya mitambo. Mwezi uno dzuwa liri kuswa mtengo, minda yasosedwa, mizere yagalauzidwa, ndipo mlimi ali yense akatuluka m'nyumba m'mawa ayamba wayang'ana kumwamba. Kwa Chiseka, kwa Chadza, kwa Kalumbu ndi kwa Mazengera funso ndi limodzi lokha, lakuti, kodi igwa liti? Funsoli si lamasewera ai, pakuti ambiri agula mbeu ndi feteleza ndi ndalama za ngongole. Munthu akabzala ndi mvula yonama mbeu yace ipsera m'nthaka; akacedwa apeza anzace ali kupalira kale. Tsono ndi bwino kuti anthu adziwe mmene mvula ipangikira, ndi mmene aja onena za nyengo pa wailesi apezera mau ao, kuti adziwe powakhulupirira ndi pocenjera nao.

Coyamba cimene cidabwitsa anthu ambiri ndi ici: mvula yoculuka imene igwa kuno iyamba iri madzi oundana, ndiye ayezi amene. Wina anena, nanga ayezi acokera kuti m'dziko lotentha cotere? Yankho liri m'cinthu cimene ali yense acidziwa kale, cakuti ku Dedza kuzizira koposa ku Salima cifukwa Dedza ali pamwamba. Munthu akakwera kilomita imodzi, mpweya uzizira ndi madigiri 6 kapena kupitirira pang'ono. Cigwa ca Lilongwe ciri pa mamita ngati 1,100 kucokera pa nyanja yamcere. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje iri pa mamita 3,002. Pofika makilomita 5, kuzizira kwafika pa ziro, pamene madzi a m'botolo aundana. Koma mtambo uja uunjikana masana pamwamba pa Dzalanyama kapena pa phiri la Nkhoma sulekera pamenepo. Ukwera kufikira makilomita 12 kapena 15, ndipo mutu wace uphwaphwatika ndi kuyanzika ngati bowa. Mutu woyera umenewo, wooneka ngati thonje lomwazika, ndi ayezi yekha-yekha. Mu 2015 akatswiri oyeza mitambo ndi makina oyenda m'mlengalenga anatsimikiza kuti pamtunda, kutali ndi nyanja zazikulu, mvula yambiri icokera m'mitambo yokhala ndi ayezi.

Komatu pali cinsinsi cina. Madzi safulumira kuundana monga anthu aganizira. Eni magolosale a pa msika wa Mitundu acidziwa ici: nthawi zina botolo la zakumwa likhalitsa m'firiji, lituluka liri madzi ndithu, koma pongolitsegula kapena kuligogoda, pomwepo lonse lisanduka phala la ayezi. Madziwo anali atazizira kale kupyola muyeso, koma anasowa coyambitsa. Timadontho ta m'mtambo ticita cimodzi-modzi. Kadontho ka madzi oyera, kopanda kanthu m'kati, kakhoza kukhala madzi kufikira madigiri 38 kunsi kwa ziro. Cotero pakati pa makilomita 5 ndi makilomita 10 kumwambako pali dera lalikulu limene madzi ndi ayezi zikhalira pamodzi. Akatswiri acha mitambo yotere mitambo yosakaniza, ndipo m'dera limenelo ndimo muweruzidwa ngati munda wa ku Nathenje ulandira mvula yabwino, matalala, kapena mphepo cabe.

Timadontho ta mtambo ndi tating'ono zedi, kotero kuti pafunika timadontho miliyoni imodzi kuti papangike dontho limodzi la mvula. Ndico cifukwa cace mitambo yambiri ingodutsa osagwetsa kanthu. Njira zokuzira timadonthoti ndi ziwiri. Yoyamba ndiyo kugundana: kadontho kokulirapo kagwa msanga, kameza tinzace ta m'njira. Njira iyi igwira bwino pa nyanja zazikulu pamene mpweya uli woyera. Yaciwiri ndiyo ya ayezi, ndipo mbiri yace ndi yokoma kuimva.

M'caka ca 1922 munthu wina wa ku Sweden, dzina lace Tor Bergeron, anali kukhala pa phiri lina pafupi ndi mzinda wa Oslo ku Norway, ndipo anali kuyenda m'nkhalango masiku a nkhungu. Iye anaona kuti tsiku losazizira kwambiri nkhungu inali kufika mpaka pansi m'njira, koma tsiku lozizira kupyola ziro, pamene mitengo inakutidwa ndi cisanu, m'njiramo munali mbee, nkhungu iri pamwamba pa mitengo pokha. Anazindikira kuti cisanu ca pa mitengo cinali kukoka cinyezi ca nkhunguyo. Maganizo otere anayamba kuwalemba Alfred Wegener wa ku Germany mu 1911. Bergeron anawafotokoza pa msonkhano wa akatswiri ku Lisbon mu 1933, ndipo Walter Findeisen anawaonjezera mu 1938. Tanthauzo lace ndi ili: nthunzi ya madzi imamatira msanga pa ayezi koposa pa madzi. Ziri ngati pa msika pamene wogula mmodzi akweza mtengo wa mtedza. Onse ogulitsa acoka kwa enawo nathamangira kwa iye. Kadutswa kamodzi ka ayezi kakabadwa pakati pa timadontho zikwi-zikwi, iko kanenepa, timadonthoto tiri kuphwa. M'mphindi zowerengeka kalemera, kayamba kugwa, kagunda timadontho tina timene tiundana pa iko, ndipo potsika kunsi kofunda kasungunuka. Madontho akulu ozizira aja amenya malata poyamba mvula ya bingu, kanthawi kapitako anali timiyala ta ayezi.

Mphepo yokwera m'kati mwa mtambo ikakhala yamphamvu kwambiri, kamwalako sikagwa msanga. Kagwiridwa m'mwamba momwemo, kali kubvala cikopa pa cikopa, mpaka kakula kosati nkusungunuka konse m'njira. Amenewo ndiwo matalala, ndipo mwana akaswa limodzi lalikulu aona mizere m'kati ngati ya anyezi. Alimi a fodya safuna kuuzidwa za kuipa kwace: mphindi khumi zokha zikwanira kuboola masamba a munda wonse, ndipo tsamba lobooka silipeza mtengo wabwino ku Kanengo. Mphezi nayonso ibadwira m'dera lomwelo. Timiyala tofewa tikamagundana ndi tizidutswa ta ayezi pakati pa madzi ozizirawo, tipatsana mphamvu ya magetsi, ndipo mphamvuyo ikaculuka ilumpha. Mtambo wopanda ayezi kawiri-kawiri ulibe bingu.

Tsono kodi coyambitsa cija ncotani? Apa ndipo palowa fumbi ndi utsi. Mu 1880 John Aitken wa ku Scotland anaonetsa kuti m'mpweya wosefedwa bwino, wopanda fumbi, nkhungu sipangika. Kadontho kali konse ka mtambo kafuna kanthu kokhalapo, monga nyemba ifuna mtengo woyangapo. Tinthu timeneti tiri mbwee m'mpweya ngakhale maso sationa: fumbi la m'minda ndi m'miseu, mcere wa ku nyanja, utsi, ndi tizilombo tocokera pa masamba. Toyambitsa madontho ndi tambiri. Koma toyambitsa ayezi ndi tosowa kwambiri. Pa kuzizira kwa madigiri 20 kunsi kwa ziro, mwa tinthu 100,000 kapena miliyoni, mwina kamodzi kokha ndiko kakhoza nchitoyi. Mu 2013 akatswiri a ku Leeds ku England anapeza kuti m'fumbi la nthaka, cimene cigwira nchito koposa ndi mwala wochedwa feldspar, umene upezeka m'matanthwe ambiri. Kale m'zaka za m'ma 1970 ena ku America anapeza kacilombo kokhala pa masamba a mbeu, kochedwa Pseudomonas syringae, kamene kaundanitsa madzi pa madigiri 2 okha kunsi kwa ziro. Ndi cinthu codabwitsa kuti kacilombo kodwalitsa mbeu kakhoza kukwera ndi mphepo ndi kukathandiza kupanga mvula. Fumbi linanso licokera kutali, ku zigwa zouma za mcere za Makgadikgadi ku Botswana ndi Etosha ku Namibia.

Ndipo ayezi abala ayezi mnzace. Mu 1974 John Hallett ndi Stanley Mossop, pogwira nchito ku Australia, anaona kuti pakati pa madigiri 3 ndi 8 kunsi kwa ziro, timadontho tikamaundana pa kamwala ka ayezi tithothola tizibenthu, ndipo kabenthu kali konse kasanduka mbeu yatsopano. Ndico cifukwa cace ndege zoyeza mitambo zipeza ayezi woculuka koposa mmene fumbi lokha likanapangira.

Za utsi ziyenera kukambidwa mosamala, popeza zikhudza anthu a konkuno. Kuyambira August kufikira October chire lipsa ponse-ponse, ena posaka mbewa, ena posesa minda, ena pootcha makala ku Dzalanyama, ndipo phiri la Bunda limene lioneka bwino mu May libisika m'cimbuuzi. Utsiwo si wa kuno kokha ai; ucokeranso ku Zambia, Mozambique, Angola ndi Congo. Mu August ndi September 2000 akatswiri a maiko ambiri anacita kafuku-fuku wochedwa SAFARI 2000, ndi ndege zonyamuka ku South Africa ndi makina oyezera oikidwa ku Mongu ku Zambia, ndipo anaona utsi uli kuyenda ngati mtsinje waukulu kudutsa kumwera kwa Africa ndi kukathira m'nyanja ya Indian Ocean. Mu 2002 ena anauluka m'mitambo ya ku nkhalango ya Amazon ku Brazil nthawi ya lupsa. Anapeza kuti m'mpweya woyera mvula iyamba kupangika mtambo utakwera kilomita imodzi ndi theka, koma m'mpweya wa utsi ufunika kukwera makilomita oposa 5.

Cifukwa cace ncosabvuta kumva. Madzi a mtambo ali ngati nsima ya m'mbale imodzi: akudya akakhala asanu akhuta, akakhala makumi asanu ali yense angolawa. Utsi uculukitsa tinthu tokhalapo madontho, cotero timadontho ticuluka koma tikhala tating'ono, tosatha kugundana ndi kugwa. Mwaye wakuda wokha sudziwa kuyambitsa ayezi bwino, ngakhale phulusa la udzu lithandizako. Tsono madzi osagwawo akwera kufikira dera lozizira, ndipo kumeneko zikhoza kupita mbali ziwiri. Mwina aundana onse pamodzi, mtambo ukula mphamvu, nugwetsa mvula yamkuntho ndi matalala ndi mphezi. Mwina utsi uphimba dzuwa, nthaka sitentha mokwanira kukweza mpweya, ndipo mtambo ufa usanakule. Akatswiri akali kutsutsana kuti mbali iti ipambana, ndi pa nthawi yotani. Cotero munthu asanene kuti mvula yacedwa cifukwa uje anatentha chire lace. Mlandu wotere sungatsimikizike. Zoipa za lupsa zimene ziri zoonekeratu ndi zina: mapesi amene akanasanduka manyowa apsa, nthaka ikhala pambalambanda, ndipo cizimalupsa cikagwa cikokolola dothi labwino kupita nalo ku Diamphwe ndi Linthipe.

Nanga makina aja alowa bwanji m'nkhaniyi? Mpweya uli ndi malamulo ace, ndipo malamulowo akhoza kulembedwa m'masamu. Mu 1922 Lewis Fry Richardson wa ku England anasindikiza buku loonetsa njira yolosera nyengo ndi masamu okha. Iye anatha milungu isanu ndi umodzi kuwerengera nyengo ya maora 6, ndipo yankho lace linatuluka lolakwa. Anaganiza kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera pamodzi kuti nchitoyi iyendere limodzi ndi nyengo ya dziko lonse. Mu 1950 kompyuta yochedwa ENIAC ku America inalosera nyengo ya tsiku limodzi, koma inatha pafupi-fupi tsiku lathunthu poiwerengera. Lero makina acita masamu otere m'kanthawi kocepa.

Macitidwe ace ndi awa. Mpweya wonse wa dziko lapansi ugawidwa m'timabwalo, monga munda ugawidwa m'ndime, ndipo timabwaloto tisanjikizidwa kukwera m'mwamba. M'kabwalo kali konse kompyuta isunga manambala a kutentha, mphepo, cinyezi, madzi ndi ayezi, niwerengera mmene zisinthire m'mphindi zikudzazo, nibwereza-bwereza kufikira yafika mawa ndi mkuja. Bungwe la maiko a ku Ulaya lolosera nyengo, limene likulu lace liri ku Reading ku England, lakhala ligwiritsa nchito timabwalo ta makilomita 9 kuyambira 2016, m'misanjiko 137. Makilomita 9 ndi ulendo wa maora awiri wa pansi. Kwa dziko lonse lapansi kabwalo kotere nkakang'ono. Kwa kadontho ka mtambo ndi dziko lalikulu. Kompyuta singawerenge timadontho kamodzi-kamodzi, ngakhale itakula motani.

Cotero akatswiri acita monga acitira mlangizi poyerekeza zokolola za dera lace. Iye sayeza munda uli wonse. Ayeza minda ingapo, napanga lamulo la cidule la minda yonse. Iwonso aika m'makinamo malamulo a cidule, akuti, kukazizira cakuti ndipo fumbi likaculuka cakuti, tizidutswa ta ayezi tibadwa takuti. Malamulowo awatenga m'zipinda zoyesera momwe apanga mtambo m'thanki, ndi kwa ndege zolowa m'mitambo yeni-yeni. Bvuto liri apa: lamulo likapereka ayezi woculuka, mtambo wa m'kompyuta ugwetsa mvula msanga nufota, likapereka wocepa, ukhalitsa osagwetsa kanthu. Ndiponso miyeso yambiri yopangira malamulowo inatengedwa ku Ulaya ndi ku America, kumene fumbi ndi utsi wace ziri zosiyana ndi za kuno. Pamenepa Africa anatsalira, ndipo ndi cifukwa cimodzi cimene kulosera mvula ya bingu kuno kuli kobvuta koposa kulosera mvula ya ku London.

Zinthu ziri kusintha. Mu 2018 a Met Office a ku Exeter anatulutsa cifaniziro ca Africa yense ca timabwalo ta makilomita 4 ndi theka, cochedwa CP4-Africa, cimene cionetsa mitambo ya bingu iri kukula yokha m'malo moiyerekeza ndi lamulo la cidule. Cifaniziroco cinaonetsa kuti dziko likamatentha, mvula yamkuntho idzakula mphamvu koposa mmene zifaniziro zakale zinanenera. Ndipo nkhani ya ayezi ikhudzanso kutentha kwa dziko kumene. Mtambo wa madzi uwala koposa wa ayezi, nubweza dzuwa lambiri. Mu 2016 akatswiri a ku Yale ku America anaonetsa kuti zifaniziro zambiri zinaika ayezi woposa muyeso m'mitambo yosakaniza, ndipo atakonza ici, kutentha kwa m'tsogolo kunatuluka kokwera koposa poyamba. Kanthu kosaoneka ndi maso kasintha yankho la funso limene likhudza adzukulu a anthu ali pano.

Nthambi ya Boma yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, imene likulu lace liri ku Blantyre, ilandira zoturuka m'makina oterewa, niziphatikiza ndi miyeso ya kuno monga ya ku Chitedze ndi ya pa bwalo la ndege ku Lumbadzi. Caka ciri conse, dzinja lisanafike, akatswiri a maiko a kumwera kwa Africa akomana kukambirana za mvula ikudzayo, mwambo umene unayamba mu 1997, ndipo pambuyo pace nthambiyi ilengeza za Malawi, boma ndi boma. Mlimi amvetse kusiyana kwa mau awiri. Ulosi wa dzinja lonse sunena tsiku. Unena ngati mvula iyembekezeka kuculuka kapena kucepa, ndipo utsamira pa kutentha kwa nyanja zazikulu, monga El Niño amene anabweretsa cilala mu 2016 ndi mu 2024. Umenewu uthandiza posankha mbeu, yoca msanga kapena yocedwa. Ulosi wa masiku owerengeka unena bwino ngati mpweya wa cinyezi uli kufika m'cigawo ca pakati. Koma kunena kuti mtambo ugwetsa pa Nathenje ndi kulumpha Mitundu, makina sanafikepo, pakuti mtambo umodzi wa bingu ukhoza kucepa koposa kabwalo kamodzi. Pa tsiku lobzala, mlimi amve wailesi, afunse mlangizi, ndipo akumbe ndi khasu aone pamene cinyezi cafika.

Ena afunsa kuti, ngati mtambo usowa coyambitsa, bwanji Boma osangouthira mankhwala? Zimenezi zinayesedwa. Mu 1946 Vincent Schaefer ku America anamwaza ayezi wouma m'mtambo wozizira ali m'ndege, ndipo mtambowo unagwetsa ayezi wofewa. Caka comweco mnzace Bernard Vonnegut anapeza kuti utsi wa mankhwala ochedwa silver iodide ucita cimodzi-modzi. Dziko la Zimbabwe linali kuthira mitambo m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku South Africa m'zaka za m'ma 1990 anayesa kuthira utsi wa mcere kunsi kwa mitambo ku Nelspruit ndi ku Bethlehem. Koma ndege siipanga mtambo. Ifuna mtambo wokhwima kale, ndipo caka ca cilala mitambo yotere ndiyo isowa. Ndiponso nkobvuta kutsimikiza kuti mvula yagwayo sikanagwa yokha.

Pali mau ena olemera amene ayenera kunenedwa pamaso pa mafumu. Mvula ikagwa tsidya lija ndi kusiya tsidya lino, m'midzi ina muuka mphekesera yakuti wina wamanga mvula, ndipo kawiri-kawiri coloza cigwera nkhalamba yosauka kapena munthu woumba njerwa. M'maboma angapo a dziko lino anthu okalamba amenyedwa ndi kuphedwa pa milandu yotere. Makolo akale pofuna mvula anali kupita ku kacisi wa Makewana ku Msinja kukapempha, pozindikira kuti mvula siiri m'manja mwa munthu wamba. Mtambo umodzi wa bingu usenza madzi olemera matani zikwi mazana-mazana, pa utali woposa Sapitwa kanai, ndipo malire a mvula yace atsata mphepo ndi mapiri. Maiko olemera ndi ndege zao alephera kuulamulira. Gogo wa m'kanyumba ka udzu sangaugwire. Lamulo la 1911 linaika kunenera munthu ufiti kukhala mlandu, ndipo nyakwawa ikamva mphekesera zotere iyenera kuziletsa zisanafike pa kugenda miyala.

Cotsala ndi nchito imene anthu a kuno akhoza kucita okha. Makina a ku Ulaya sadziwa ngati analosa zoona pokha-pokha wina pansi pano atayeza mvula imene inagwadi. Dera lino lilandira mamilimita ngati 800 kufikira 1,000 pa caka, koma zoyezera ziri patali-patali, ndipo pakati pace palibe wolemba. Pamene pali coyezera mvula, pa sukulu kapena pa ofesi ya alangizi, ana asaseweretse ndipo mbuzi zisagwetse; ciime poyera, kutali ndi mtengo ndi denga. Ciwerengedwe m'mawa uli wonse pa 8 koloko, ndipo tsiku losagwa mvula lilembedwe ziro, osasiya mpata. Matalala akagwa, mlimi auze mlangizi tsiku lace, nthawi yace ndi kukula kwace, ngati nsawawa kapena ngati dzira la nkhunda, kuti mbiri yace ifike ku Blantyre.